Envelopu Imene Nanna Anatsegula

Lolemba, 12 Juni

Ayi, sinatayike. Bola ikanatayika, ndikanati ngozi. Yatsegulidwa.

Mnzanga Yamini wakhala akuimba chiyambire masana, mauthenga mbwee, "watumiza? watumiza?" Sindikuyankha. Ndimuuza kuti chiyani? Kuti envelopu ija, ija ndinaiyendera milungu isanu ndi umodzi ku ofesi ya mayeso, bambo anga ondibereka aidula ndi sizasi? Nanna. Ndi manja awo. Mosamala eti, mzere wowongoka ngati telala.

Ndilembe zonse, mwina mutu ubwerera m'malo.

Yunivesite ya ku Canada inanditenga, maphunziro a za madzi, zaka ziwiri, sikolashipu yomwe. Chatsala chimodzi basi: mapepala a malikisi anga a zaka zonse zinayi, ochokera ku koleji, mu envelopu yomata, chidindo pomatapo, siginecha ya mkulu wa mayeso yodutsa pa chidindocho. Ikhale itafika kwawoko pa 30 Juni. Yotsegula salandira, analemba ndi zilembo zikuluzikulu. Ikapanda kufika, sikolashipu apatsa wotsatira pamndandanda. Popanda sikolashipu, Canada ndizingomuona pa foni. Malipiro a Nanna, munthu woyeza matumba a tsabola pamsika wa Guntur, sangagule ngakhale tikiti yopitira yokha.

Loweruka ndinaitenga. Ndinaibisa m'kabati, pansi pa nsalu za sari za Amma, mayi anga. Lamulungu a makalata achangu satsegula. Lero m'mawa ndinangotuluka kukajambulitsa zithunzi za viza, maola awiri okha, ndimati ndikabwera ndikatumize. Kubwera, Nanna ali pakhonde, sanapite ndi kuntchito komwe, mano onse pamtunda.

"Bujji, mwana wanga, taona." Bujji ndi mmene amanditchulira kunyumba.

Mapepala anga asanu ndi atatu, lililonse lolamineta, waliwali ngati menyu ya kuhotela. Pangodya iliyonse kadontho ka ufa wa chikasu ndi kena kofiira, mkati mwa pulasitikimo, kosachokanso mpaka kalekale. Anayamba apita nawo ku kachisi kuti wansembe akawaike pamapazi a mulungu. Akuti zinthu zowoloka nyanja sizipita zosadalitsidwa, ndipo mulungu sangadalitse chinthu chimene sakuchiona. Kuchoka apo, pa shopu ya fotokope. "Mvula yayandikira. Tsopano ngakhale agwere m'madzi, palibe vuto."

Ndinakuwa. Zonse zimene ndinanena sindikuzikumbuka. Ndikukumbuka kuti ndinati "inu mumangodziwa sikelo basi, za sukulu mumazigwiriranji?" Aneba anatsegula zenera.

Nanna anangoti, "envelopu ndakusungira, ili bwinobwino, tingoimatanso ndi guluu."

Ndi guluu!

Lachiwiri, 13 Juni

Kutentha kwa lero ngati wina wasiya chitseko cha uvuni chotsegula. Makilomita makumi awiri pa sikuta ya Yamini, nsalu kumaso, kukafika ku koleji thukuta mpaka m'nsapato.

Ofesi ya mayeso, zenera lija la zitsulo. Anjaneyulu garu (garu wa ulemuyo osamuiwala), kalaliki, mfumu ya zenera. Anafika cha m'ma 11. Anapukuta tebulo. Anapukuta magalasi. Anaitanitsa tiyi. Ife tili pamzere ngati nkhuku zogulitsa.

Nditamuonetsa mapepala anawatembenuza, anawagogoda ndi chala, kenako anaitana mnzake wa tebulo linalo kuti adzaone. "Awa si mapepala mayi, izi ndi mbale, mutha kudyerapo idli." Ofesi yonse kuseka. Ine ndinasekako pang'ono, chifukwa pa zenera limenelo ukapanda kuseka nthabwala za mwini wake, fayilo yako imakalamba.

Ndiye akuti tiyambirenso poyambirira. Fomu yatsopano. Masiginecha anayi osonyeza kuti sindinasunge katundu wa koleji: laibulale, labu, hositelo, zamasewera. Ndinati "sir, onsewa anasaina mwezi watha, fomu yake ili m'fayilo mwanumo." Akuti imeneyo inali ya envelopu yoyamba. Nanga m'mwezi umodzi, munthu womaliza kale sukulu, ndikanaba liti mpira?

Kenako mkulu wa mayeso kulibe. Anapita ku kachisi wa ku Tirupati ndi banja lake kukameta tsitsi, abwera Lolemba. Ndipo nthawi yake, mwa lamulo, ndi milungu itatu.

Milungu itatu ndilibe. A makalata achangu akuti ku Canada ndi masiku asanu ndi limodzi, zikavuta asanu ndi awiri. Ndiye kuti Lachisanu pa 23 ikhale itanyamuka. Masiku khumi.

Yamini pobwerera, kukuwa kuti ndimve pamphepo: "Iwe Lahari, uzikiya chitseko pogona. Tsiku lina udzadzuka nawenso uli m'pulasitiki, chikasu pachipumi!" Ndinamumenya pamsana. Ndinaseka, kenako ndinalira m'nsalu mpaka pa mlatho.

Kunyumba Nanna sindinawalankhule. Anabwera ndi bajji, tsabola wokazinga mu ufa, wokutidwa m'nyuzipepala, amene ndimamukonda, anaika pa tebulo langa. Ndinapatsa mwana wa aneba.

Lachitatu, 14 Juni

Masiginecha awiri. Labu, laibulale.

A zamasewera ali ku "msonkhano". Ndinawapeza pansi pa mtengo akusewera makadi. Akuti bwerani mawa, cholembera anasiya ku ofesi. Ndinawapatsa changa. Akuti sasaina ndi inki yakuda.

Mayi a hositelo akufuna umboni woti sindinagonepo m'hositelo. Umboni wa chinthu chimene sichinachitike! Ndibweretse chiyani, bedi langa la kunyumba?

Dziko lino. Ndipo wina adzandifunse kuti ukupitiranji.

Lachinayi, 15 Juni

Masiginecha akwana. Fomu ndapereka. Anjaneyulu garu anaiponya m'basiketi osaiyang'ana.

Ndimati ndikapume. Kufika kunyumba, nsapato za Atta Nagamani pakhomo. Mlongo wawo wa Nanna. Mphuno yawo imanunkhiza tsoka la munthu kuchokera ku Vijayawada. Abwera ndi nthochi, akhala pa bedi la Amma miyendo pamwamba, fani ataitembenuzira kwa iwo okha.

"Ndamva, ndamva mwana wanga. Usalire. Mulungu akafuna kutseka njira sabwera ndi chikwanje, amangobwereka dzanja la munthu."

Ndinadziwiratu kumene ikupita. Phanindra. Mwana wawo, msuweni wanga, wa ku banki, wa mphete pachala. Chibadwire changa abale akhala akunena kuti ndine mkazi wake, poyamba ngati nthabwala, pano nthabwala yamera mano. Atta akuti mwana wa mchimwene wawo sangakadye buledi wozizira kwa azungu, kutsuka mbale m'malesitilanti, pamene mwamuna ali pompano, nyumba ya zipinda ziwiri, galimoto akugula chaka chamawa. Akuti wamaula anaona kale, Ogasiti muli tsiku labwino.

Ogasiti! Mwezi womwe ndimayenera kukwera ndege.

Ndinati, "Atta, mwana wanuyo mulamineteni naye kuti asaonongeke, ine ndichedwa." Amma ananditsina pantchafu, mpaka pano pakuwawa. Atta anagwira pachifuwa, "Veeraiah, ukumva mmene sukulu yamuchitira mwanayu?"

Nanna chete. Maso pansi, akusenda nthochi imene sanadye n'komwe.

Chete ameneyo ndi amene akundisautsa. Sanati "ayi mlongo, mwana akupita kusukulu." Palibe. Ndiye ndakhala pano ndikuganiza chinthu choipa. Imelo ya ku Canada ija ndinawawerengera, ndinawamasulira m'Chitelugu, ndinati yotsegula salandira. Kapena sindinanene? Ndinanena. Ndikukhulupirira kuti ndinanena. Anali akuonera nkhani pa TV, koma anagwedeza mutu.

Nanga ngati anachita dala?

Loweruka, 17 Juni

A ku Canada ayankha. Aulemu kwambiri anthu amenewa, amakupha akumwetulira. Akumvetsa, akumva nane chisoni, koma tsiku silisintha kwa aliyense. Zithunzi za mapepala salandira. Andifunira tsiku labwino.

Tsiku labwino likhale lawo.

Amma akusakaniza achali wa mango padenga, manja ofiira mpaka m'zigongono, anandiitana kuti ndigwire mtsuko. Ndinadziwa kuti si mtsuko. Nkhani ya chigumula ija. Ndisanabadwe, kumudzi kwawo kwa Nanna mtsinje unasefukira, unatenga bokosi lachitsulo, satifiketi yawo ili momwemo. Mwezi wotsatira anaitanidwa ku ntchito ya boma, alibe chowonetsa. Yachiwiri inatuluka patatha zaka ziwiri, zaka zolembera ntchito zitadutsa. Chiyambire pamenepo munthu amalamineta chilichonse, khadi la chakudya, risiti ya magetsi, chithunzi cha agogo, ngakhale kapepala kanga ka kusikelo.

Ndinati, "Amma, nkhaniyi ndaimva kakhumi. Ndiye chifukwa madzi anawadyera pepala lawo, langa lidyedwe ndi pulasitiki?"

Amma akuti, "Pakamwa pakopa pakuposa achaliyu."

Madzulo pa chakudya zinaphulika. Nanna anafunsa Amma, osati ine, kuti zikuyenda bwanji ku koleji. Ndinasiya mpunga. Ndinati, "Osafunsa ngati simukudziwa. Munachita dala. Inu ndi Atta munagwirizana. Mukanangonena kuti simukufuna ndipite, osati kubisala kumbuyo kwa mulungu."

Dzanja lawo linaima pakati pa mbale ndi kukamwa. Anandiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anadzuka, anasamba m'manja, mpunga theka uli m'mbale. Nanna sasiya mpunga. Amatola ndi kambewu kogwera pansi komwe.

Sindikumva chisoni. Sindikumva. Akanayankha ngati zinali zabodza.

Lolemba, 19 Juni

Ndaononga. Ine ndekha tsopano, popanda wondithandiza.

Mkulu wa mayeso wabwera, mutu mbee ngati dzira, ndinamuona akulowa. Ndinathamangira pa zenera 10 koloko. Anjaneyulu garu akuti mapepala apadera osindikizirapo malikisi ali m'kabati, kiyi ali ndi munthu amene wapita ku maliro. Ndinadikira. 12 koloko kiyi wapezeka, anali m'thumba mwake momwe. Akuti makina akutentha, apume kaye. 1 koloko, nkhomaliro. 2 koloko, nkhomaliro ikupitirira. Itakwana 3 ndinasuzumira, fomu yanga ili m'basiketi momwe muja, pamwamba pake aikapo kapu ya tiyi, yasiya chizungulire pa dzina langa.

Mnyamata wina pamzere anandinong'oneza kuti "achemwali, mungoika kenakake ka tiyi mkati mwa fomu, zimayenda." Mwina akanapanda kunena, ndikanapirira.

Ndinagwira zitsulo za zenera ndi manja onse awiri. Ndinati, "Anjaneyulu, ntchito yanu ndi iti kwenikweni, kulemba kapena kumwa tiyi? Tikulipireni zingati kuti mudzuke pampandopo?" Popanda garu, popanda sir.

Sanakwiye. Bola akanakwiya. Anachotsa kapu bwinobwino, anatenga fomu yanga, anakweza mulu wonse wa mafayilo, anaiika pansi penipeni. Anasalaza ndi dzanja. "Mwa lamulo, milungu itatu. Wotsatira."

Yamini sananene nthabwala njira yonse. Pa geti lathu ndi pomwe anati, "Unanena zoona zokhazokha, koma ndiwe chitsiru."

Masiku anayi.

Lachiwiri, 20 Juni

Sindinatuluke. Ndadzuka 11.

Atta atumiza bokosi la maswiti, akuti ndi a kukachisi. Amma alibisa pamwamba pa kabati kuti ndisalitaye.

Gulu la pa foni la opita ku Canada: wina wagula jekete, wina wapeza chipinda, wina akufunsa ngati amalola kunyamula achali m'ndege. Ndatulukamo.

Nanna anachoka m'mawa kwambiri. Sitikuonana. Zili bwino choncho.

Lachitatu, 21 Juni

Yamini anaimba cha m'ma 2, ali ku koleji kukatenga satifiketi yake. "Iwe, bambo ako akutani kuno?"

Ndinati walakwitsa munthu. Akuti munthu wamfupi, maso ofiira ndi tsabola, malaya oyera a silika, chikwama cha nsalu pamiyendo. Malaya a silika! Aja anavala pa ukwati wawo, amene Amma amawasunga ndi mankhwala a njenjete. Akuti ali pa benchi moyang'anizana ndi zenera la Anjaneyulu. Mayi wosesa wamuuza kuti anabweranso dzulo, kuyambira 9 mpaka kutseka.

Ndinatsikira kukhitchini. Amma akupera, osatembenuka. "Ndinawauza zimene unachita Lolemba. Anapempha tchuthi kwa abwana awo. Anati ndisakuuze."

Ndinapsa mtima kuposa kale. Akukatani? Akukaonjezera chiyani? Munthu sadziwa ndi dzina la fomu lomwe! Akandichititsa manyazi, akaonetsa mapepala a chikasu aja kwa aliyense wodutsa. Ndipo msika wa tsabola wangotsegulidwanso kumene pambuyo pa tchuthi, masiku a ntchito ndi ano.

Atabwera madzulo ndinamva akutsika masitepe a bafa pang'onopang'ono, chifukwa cha bondo lawo lovuta lija. Ndinatsegula chitseko changa pang'ono, ndinatsekanso.

Lachinayi, 22 Juni

Ndinawatsatira. Basi ina, kumbuyo kwawo. Ndinaima pa masitepe a ku labu, pamene umaona khonde lonse koma iwe osaoneka.

Sapempha kanthu. Ndicho chimene chinandidabwitsa. Sapita ndi pa zenera pomwe. Amangokhala. Anjaneyulu akamalowa, Nanna amaimirira, manja pamodzi pachifuwa, "namaskaram sir," munthu wocheperapo zaka khumi kwa iwo. Iye kudutsa ngati wadutsa chipilala. Nanna n'kukhalanso. Akatuluka kupita kuchimbudzi, aimiriranso. Akabwerera, aimiriranso. Ndi bondo limenelo! Ndinawerenga kasanu ndi kawiri isanakwane 12.

Khonde lonse lawadziwa. Mayi wosesa amawasungira madzi. Ana a chaka choyamba amawapatsa moni. Wina anawafunsa kuti achimwene mukudikira ndani, anati "ndinalakwitsa chinthu, ndikudikira kuti chikonzeke." Anatulutsa mpunga wa chambiko m'kabokosi, anadya chotembenukira kukhoma.

Ndinkafuna kutsika ndikawakoke dzanja, tizipita, Canada apse. Ndinkafunanso kukathyola zenera lija. Ndinangoluma nsalu yanga.

Cha m'ma 1 mkulu wa mayeso anatuluka kupita ku nkhomaliro. Nanna anaimirira. Bamboyo anadutsa, anaima, anabwerera. Ndinamva bwinobwino: "Akuluakulu, tsiku lachitatu lino ndikukuonani pano. Mwana wanu ndi uti?"

Ndiye anatulutsa. Mapepala onse asanu ndi atatu, waliwali, pakhonde, pamaso pa anthu. Ndinafuna nthaka indimeze. Anafotokoza zonse, sizasi, kachisi, shopu ya fotokope. Anati, "Mwana analimbikira zaka zinayi, sanalephere phunziro ndi limodzi lomwe. Wolephera ndine, sir. Anandiuza kuti isatsegulidwe, ine ndinamva ngati akunena za anthu akunja, osati bambo ake ndi mulungu. Chilango chikhale changa. Iye apite."

Iye apite. Anatero. Palibe anawakakamiza.

Mkulu uja anasisita mutu wake wometa, anaseka pang'ono, osati monyoza. Anaitana Anjaneyulu. Analankhulana chapansipansi pakhomo. Kenako anauza Nanna kuti mawa masana asaina, koma pali nkhani ina, mtsikanayo ananyoza wantchito wake pagulu, ndipo iye sangalamule munthu wonyozedwa kuti athamange. Abwere yekha. Ndi kalata yopepesa.

Ndinathawa asanandione. M'basi ndinakhala kumbuyo kwenikweni.

Kunyumba anauza Amma, mokweza kuti ndimve kuchipinda: "Umuuze Bujji akufunika ku koleji mawa. Ngati sakufuna kulemba kalata, asalembe, ndikapemphanso ine."

Ndalemba. Katatu. Yoyamba inali ndi mawu oti "ngakhale kuti". Yachiwiri inabooka ndi cholembera.

Kupepesa munthu amene anaika kapu pa dzina langa! Mxii.

Lachisanu, 23 Juni

Yapita.

Ndilembe mwadongosolo. Ine ndi Nanna basi imodzi, mpando umodzi, osalankhulana. Malaya a silika aja achita chikasu m'khosi. Pa zenera 11 koloko. Ndinapereka kalata. Anjaneyulu garu anaiwerenga ngati nyuzipepala, mpaka kuseri kopanda kanthu. "Zolemba ndaona. Pakamwa?"

Ndinati pepani sir. Akuti fani ikusokosa. Ndinati PEPANI SIR. Akuti pepani chifukwa chiyani? Ndinati chifukwa ndinalankhula mwachipongwe kwa wamkulu. Anthu pamzere maso pa ine, wina akujambula kapena ayi, kaya. Makutu anga moto. Nanna ali pambali panga, ndinkamva akupuma.

Kenako munthu uja anagwira ntchito. Mphindi makumi awiri! Kusindikiza, kudula, kupinda. Chinthu cha milungu itatu, mphindi makumi awiri. Ndikanakhala ndi mwala.

Mkulu wa mayeso anachedwa ku msonkhano mpaka 3:15. Ine kuyang'ana wotchi, a makalata achangu amatseka thumba la kunja 5 koloko, ndipo ali m'tauni. Anasaina. Anjaneyulu garu anapaka guluu ndi chala, pang'onopang'ono dala, anadinda chidindo, phaa, phaa. Anaitulutsa pa zenera, osati kwa ine, kwa Nanna. "Veeraiah garu, iyi mulungu aionere kunja."

Nanna sanailandire. Anabweza manja onse kumbuyo ngati mwana wa sukulu. "Mupatseni mwini wake."

Yamini anali pa geti ndi sikuta. Atatu sitikanakwana. Nanna anati pitani, ndibwera pa basi. Tinathamanga ngati tabera banki, Yamini akutukwana mathirakitala, ng'ombe, apolisi, aliyense. 4:40 tili pa kauntala. Mtsikana wa pamenepo anaiika m'thumba lawo, anamata, anandipatsa nambala yoilondolera pa foni. Akuti pa 29 kapena pa 30, koma salonjeza. Ndinati mukapanda kufikitsa ndidzabwera ndi bambo anga adzakhale pa benchi yanuyi. Sanamvetse. Yamini anaseka mpaka kukhala pansi.

Marupi zikwi zitatu ndi mazana awiri. Amma anali atandimangira pa kansalu m'mawa, sindinafunse kumene achokera.

Nanna anafika kunyumba mochedwa, mabasi awiri anawasiya. Ndinali m'chipinda. Ndinamva Amma akuti "yapita." Ndinamva iwo akuti "chabwino." Basi.

Lachiwiri, 27 Juni

Nambala ija ndaiyang'ana mwina kamakumi asanu lero. Hyderabad. Dubai. Dubai. Dubai. Ikutani ku Dubai, ikugula golide?

Mvula yoyamba. Magetsi azima kawiri.

Atta anaimba, Amma anati tili otanganidwa.

Nanna abwerera kuntchito, akubwera akuyetsemula ngati kale. Ndimawaikira madzi osamba pa bafa asanafike, kuti asadziwe kuti ndine. Amma akuti "ana a masiku ano amapepesa ndi ndowa."

Lachinayi, 29 Juni

Yafika. Imelo yabwera m'mawa uno, ndili pakati potsuka mano. Alandira, chidindo chili bwino, sikolashipu yatsimikizika. Ndikupita. Pa 24 Ogasiti ndikhale nditafika.

Ndinakuwa ndi thovu kukamwa. Amma analira, anayatsa nyale pa mafano, anaimbira abale awo onse mpaka amene sitilankhulana nawo. Yamini akuti ndimugulire chipale chofewa ndimutumizire mu envelopu yomata. Nanna anali atapita kale kumsika. Amma anawaimbira. Akuti anangoti "chabwino, chabwino," kumbuyo kukumveka anthu akukuwa mitengo ya tsabola.

Ndimayembekeza kuti ndisangalala tsiku lonse. Pofika masana ndayamba kupsa mtima, ndipo sindikupeza womupsera. Anjaneyulu wandithera. Atta andithera. Ndakhala pabedi ndikuwerenga zimene ndalemba m'bukuli chiyambire pa 12.

Kwa kalaliki uja ndinapepesa katatu, pagulu, ndi kalata yomwe. Kwa Nanna ngakhale kamodzi.

Angofika kumene. Sanabwere kuchipinda kwanga. Alowa kukhitchini, akuganiza kuti sindikumva, khoma lake ndi lopyapyala ngati pepala. Afunsa Amma chapansipansi, "Anati zaka zingati, ziwiri?" Amma akuti ziwiri. Kenako, "Nanga akamaliza, amabwerera anthu ake?"

Amma akuti, "Mufunseni mwini wake, ali m'chipindamo."

Sanabwere. Sabwera, ndikuwadziwa. Munthu anakhala pa benchi masiku atatu, kuimirira ndi kukhala, kuimirira ndi kukhala, kuti mwana wake mmodzi yekhayo amuchokere. Ndipo akuopa kundifunsa.

Yankho lake sindikulidziwa. Zoona, sindikulidziwa, ndipo sindiwanamiza.

Ali panja pa mpopi, akusamba tsabola m'manja. Thaulo aiwala, ili pano pa mpando. Ndikupita nayo